Mayina a Gogo Bowa, Mudya-Dizilo, Oimbidwa pa Lilayi

Mbalule, yankhula! Mpanje, vomera! Tete, usatsalire m'mbuyo! Mbiti-mbiti, ndi-ndi-ndi! Wambani ng'oma pamoto chikopa chikungike, matani phula pakati pake, pakuti amene tikuwatchula lero ndi akuluakulu, ndipo makutu awo ali pansi pa nthaka.

Wawa, Gogo Bowa! Inu Mphukira-usiku. Inu Mwana-wa-bingu, wobadwa mvula yoyamba ikagogoda pachulu. Inu Wosalimidwa-ndi-khasu, Wopanda-tsamba, Wopanda-duwa, Wosapempha-kanthu-kwa-dzuwa. Mitengo yonse imakweza manja kupempha kuwala, inu mumadya mumdima mutazolika. Inu Chipewa-cha-tsiku-limodzi, Thupi-la-zaka-zambiri: chimene amayi amazula m'mamawa ndi chipewa chabe, mwini wake watsala m'dothi, ulusi woyera woyala mikono ndi mikono, wodutsa osauona.

Wawa!

Abale anu timawadziwa, timawadya. Disembala akafika amakhala m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa Great North, kumsika wa Soweto ku Lusaka amadzaza malichero: tente woyera wa m'nkhalango za mombo, amene kwathu kum'mawa timati ndelema, utale ndi nyonzwe a pachulu, manda ang'onoang'ono omera chigulu, manyame ofiirira. Ndi mkulu wa onsewo, chikolowa, wolimidwa ndi chiswe m'mimba mwa chulu, amene chipewa chake chimatha kufika mita yathunthu, amene David Pegler ndi Graham Piearce anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1980 pa dzina la Termitomyces titanicus, makolo athu atamudya kale mibadwomibadwo. Amenewo alandire moni wathu. Koma ng'oma ya lero si yawo.

Ng'oma ya lero ndi yanu, inu a pachipika chowola. Inu Mkhala-pachitsa. Inu a fuko loyeretsa mtengo pouwoletsa, mpaka chipika cholemera chipepuke, chifumbutuke m'manja mwa mwana. Ena mwa inu ndi ouma osatafunika, amene mwana akawatola amayi ake amati, "Taya, n'chirombo icho." Ena ndi ofewa, bowa wa oyisitara, Pleurotus, wolimidwa m'matumba apulasitiki m'tizipinda tamdima kuseri kwa nyumba za mu Lusaka, wopita kusitolo atavala pepala lonyezimira. Nonsenu, ouma ndi ofewa, sunthirani kuno mukhale pamphasa.

Tikuimbira pa Lilayi, kummwera kwa mzinda, pamene msewu wa Kafue wasiya utsi wa m'tauni n'kuloza ku Chilanga. Ena amadziwa Lilayi chifukwa cha koleji ya apolisi, kumene anyamata ometa mpala amathamanga m'bandakucha. Ena chifukwa cha ana amasiye a njovu amene analeredwa kuno ndi mkaka wa m'botolo. Ife tadzera madzi.

Pondani mwamphamvu, ovina, mumve: pansi pano m'mphako. Lusaka anamangidwa pamwala wa laimu ndi dolomaiti, wa mtundu womwewo umene ku Chilanga amauwotcha kupanga simenti, umene amayi a ku Misisi amauphwanya ndi hamala tsiku lonse. Mwala umenewu mvula yakhala ikuudya kuyambira kalekale, n'kuusiya uli ming'alu, mapanga ndi ngalande zobisika. M'menemo ndimo muli mtsuko wa mzinda. Madzi ena a m'mipope amachokera ku Kafue, amapopedwa pa Iolanda n'kukwera mtunda. Ochuluka ndithu amatuluka pansi pa mapazi athu, m'mijigo, ndipo chitsime chachikulu cha Shaft 5 chili konkuno ku Lilayi. Dothi lofunda mwalawo ndi lopyapyala, malo ena mwala uli pambalambanda, ndipo m'dzinja madzi apansi amakwera mpaka kudzaza mabwalo a ku Kanyama. Kolera wa 2017, ndi uja wa 2024 pamene bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala, anatiuza poyera kuti mumzinda uno chimbudzi ndi chitsime zimayankhulana. Galaji ndi chitsime nazonso zimayankhulana, koma monong'ona, ndipo matenda ake sabwera mawa, amabwera munthu ataiwala.

Tsitsani mpanje pang'ono titchule mdani, pakuti mfumu sitamandidwa osanena amene inamugwetsa.

Iwe Oyilo-wakuda. Iwe Mkodzo-wa-injini. Iwe Dizilo-wodontha, Utawaleza-wa-m'chithaphwi. Unalowa m'dziko muno ndi ulemu. Ian Smith atapanduka ku Rhodesia mu 1965 njira ya kummwera n'kuuma, tinakuyalira paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, n'kuitsegula mu 1968. Mu 1973 tinakumangira Indeni kuti uziyengedwa kwathu konkuno. Lero ukubwera m'paipi yomweyo uli dizilo woyengedwa kale, ukubweranso m'matankala otsatana pamsewu wa Kafuewu. Timakufuna, sitikana. Popanda iwe basi ya ku Chelstone siidzuka, chigayo sichilira, jenereta ya ku Kabulonga siibangula magetsi akapita. Koma ukakalambira m'injini umasanduka mfiti.

Pitani kuseri kwa mashopu ku Kabwata Loweruka m'mawa. Basi yakwezedwa pajeke, kumatayala aikako miyala. Mnyamata wa sipanala wagona chagada pakatoni, wamasula nati ya pansi pa sampu, oyilo akutsika wotentha, wakuda bii, kulowa m'chigubu chodulidwa pakati. Chigubu chadzaza iye akadalimbana ndi fyuluta, wotsalayo akuyenderera pansi. Dothi la pamenepo linasiya kale kukhala dothi: lalimba, likung'anima, nyerere zimalilambalala, ngakhale chisoso chomera paliponse chinakana. Mukafunsa mwini galaji amati, "Aaa, mudala, musavutike, nthaka imamwa iyi." Imamwadi, amalume, nanga ikamwa imakalavulira kuti? Wa m'chigubuyo ali ndi ogula ake. Wina akapaka mitengo ya mpanda kuti chiswe chisadye. Wina akawaza pabwalo kupha fumbi. Wina akathira m'chimbudzi kuti fungo ndi ntchentche zichepe, ndipo ameneyu ndiye amandiwawitsa mtima kuposa onse, chifukwa wamufupikitsira mdani ulendo, wamutsitsira yekha m'dzenje loyandikana ndi madzi. Lamulo la 2011 limene linakhazikitsa bungwe loona za chilengedwe la ZEMA lilipo, oyilo wotha ntchito amawerengedwa pa zinyalala zoopsa. Koma lamulo limakhala mu ofesi, chigubu chimakhala pansi pa basi.

Chithumwa cha mfiti imeneyi ndi mphete. Makaboni asanu ndi limodzi akagwirana manja mozungulira, ameneyo ndi benzini, wowononga magazi mpaka khansa. Mphete zikalumikizana ziwiri, zitatu, zisanu, zimakana kusungunuka m'madzi, zimakakamira dothi zaka ndi zaka, n'kumatayako pang'onopang'ono. Ya mphete zisanu, benzopyrene, ndi yomwe ili m'mwaye. Percivall Pott, dokotala wa ku London, anaona mu 1775 kuti anyamata osesa m'machumuni amadwala khansa ya kumaliseche, dzina la poizoniyo lisanadziwike n'komwe. Mabakiteriya a m'dothi amadya mafuta opepuka bwinobwino, koma akafika pa mphete zambirizi mano amabuntha.

Kwezani tsopano! Mbalule, lowa pakati! Ndi-ndi-ndi, mbiti, mbiti!

Wawa, Gogo Mthyola-mphete! Inu Mudya-muwanga, Mfewetsa-mlombwa. Inu Mimba-panja: simumeza chakudya, mumachilavulira malovu chigayikire pomwepo, kenako muyamwe. Mtengo uli ndi chouumitsa chake, lignin, chimene chimaimika mlombwa mphepo ya mwera ikamawomba. Nachonso ndi mphete zolukanalukana popanda dongosolo, ndipo zamoyo zambiri zinachigonjera. Inu munachipezera mpeni. Ofufuza amene anawerenga chibadwa cha fuko lanu mu 2012 anati lusoli munaliyamba zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, ndipo anaganiza kuti mwina ndinu munatseka nyengo yaikulu ya malasha, popeza mitengo yakugwa inayamba kuwola m'malo mokwiririka yathunthu. Anzawo anatsutsa, nkhani ikadali pabwalo. Ife oimba tikondera mbali yanu, ndiyo ntchito yathu.

Mikondo yanu itatu tiitchule ndi mayina: laccase, lignin peroxidase, manganese peroxidase. Mikondo-yosasankha! Popeza lignin alibe nkhope imodzi, malovu anu sanaphunzire kufunsa dzina. Amalanda elekitironi pa mphete iliyonse imene akumana nayo, mphete n'kugwedera, okosijeni n'kulowa, n'kuthyoka. Ali ngati mbuzi yolowa m'dimba, yosafunsa kuti mpiru uwu ngwa yani. Nanga mafuta a pansi pa nthaka n'chiyani, si zamoyo zakalekale zophikidwa ndi kutentha ndi kulemera kwa miyala? Mukakumana nawo m'dothi la pagalaji mumati, "Uyu ndamudziwa," n'kuyamba kudya. Zidutswa zimene mwasiya mabakiteriya amamaliza. Zina zimathera mumpweya wa kaboni dayokisaidi ndi madzi, zina zimamangika m'manyowa osayendanso.

Inu Mlenje-wopanda-uta! Mu 1984 Greg Thorn ndi George Barron ku Canada anaonetsa kuti bowa wa oyisitara amasaka tinyongolotsi tosaoneka ndi maso: amatiumitsa ndi kadontho ka poizoni, n'kutilowa m'thupi, n'kutidya kuti apeze naitirojeni amene m'mtengo ndi wochepa. Wofatsa-pambale, Woopsa-pachipika!

Wawa! Wawa!

Mboni, imirirani, tisaoneke ngati tikuimba maloto.

Ming Tien ndi Kent Kirk, ku Madison m'chigawo cha Wisconsin, mu 1983 anaugwira mkondo wa lignin peroxidase m'malovu a mbale wanu Phanerochaete chrysosporium. Patapita zaka ziwiri, mu 1985, John Bumpus, Steven Aust ndi anzawo ku Michigan State University analemba m'magazini ya Science kuti bowa yemweyo amaphwanya DDT, lindane, dioxin ndi benzopyrene uja, mankhwala amene anthu ankati sawola. Inu Mwoletsa-zosawola, dzina limenelo munalitenga chaka chimenecho.

Ku Bellingham, m'chigawo cha Washington, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Paul Stamets ndi asayansi a ku Battelle anapatsidwa dothi la pabwalo lokonzera magalimoto a nthambi ya misewu, lonyowa ndi dizilo ndi oyilo. Analiunjika milumilu, mulu wina n'kuusakaniza ndi ulusi wanu, n'kufunda. Iye amasimba kuti atavundukula patapita masabata, milu ina inali yakuda, yonunkha monga kale, koma wanuwo unali utavala bowa wa oyisitara mbali zonse. Bowayo anaitana tizilombo touluka, tizilombo tinaitana mbalame, mbalame zinabweretsa njere, udzu n'kumera. Analemba zimenezi m'buku lake la 2005, Mycelium Running. Ndinene pambali: Stamets ndi woimba mnzathu, amakonda kukweza ng'oma. A zoyezera amati zochitika pabwalo sizimalingana nthawi zonse ndi za m'botolo, ndipo iwonso ali ndi mpando wawo pamsonkhano uno.

Mu Novembala 2007 sitima ya Cosco Busan inagunda mlatho ku San Francisco, mafuta akuda n'kutayikira m'nyanja. Anthu ongodzipereka anayala mikeka yolukidwa ndi tsitsi la m'mabalabashopu kuti imwe mafutawo, ndipo anayesa kukupatsani inu mikeka yonyowa ndi mafuta kuti mudye. Tsitsi lomwelo limene ometa a ku Kabwata ndi ku Woodlands amasesa madzulo n'kukawotcha! Ku Lago Agrio, m'nkhalango ya Amazon ku Ecuador, kumene maenje a mafuta anatsala chitsalire kuyambira nthawi ya kampani ya mafuta ya Texaco, anakutengerani m'matumba kuti mukayese. Munayesa. Koma dziwe la mafuta siliuma ndi thumba limodzi la utuchi.

Muli ndi msuweni wanu wosamva, timutchule asatikwiyire: Amorphotheca resinae, Mlowa-m'ndege. Iyeyo amakhala m'matanki a mafuta a ndege, pamalire pamene madzi odikha pansi akumana ndi palafini, amadya mafutawo, amatseka mafyuluta, amadya ngakhale chitsulo cha thanki. Amakanika a ndege padziko lonse, ndi a pabwalo la Kenneth Kaunda omwe, samuimbira ng'oma ameneyo. Koma kwa ife ndi umboni wakuti m'banja mwanu kudya mafuta si mphekesera.

Tsopano, Gogo, tikhululukireni. Wotamanda weniweni amanenanso pamene mfumu imalekezera, kuti anthu asaisenzetse katundu wosakhala wake.

Inu Wosatsika-m'phanga. Mumapuma mpweya monga ife, choncho mumagwira ntchito pamwamba, m'dothi lotakasuka. Oyilo akadutsa mng'alu n'kufika m'madzi a pansi pa Lilayi, wakupulumukani. Kumeneko kulibe chipika, kulibe mpweya wokwanira, ulusi wanu sufikako. Ndinu mlonda wa pakhomo, osati wothamangitsa mbala yomwe yalowa kale m'nkhalango.

Inu Wosathyola-chitsulo. Mphete ya kaboni imathyoka, koma mtovu suthyoka, ulibe pothyokera. Ku Kabwe, kumene mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994 n'kusiya mtovu m'fumbi limene ana amaseweramo, mikondo yanu itatu ilibe chonena. Oyilo wotha ntchito nayenso amanyamula tizitsulo topereseka m'injini, ndipo inu mumatikokera m'chipewa chanu. Choncho imvani, amayi. Imvani, ana asukulu. Imvani, inu ogulitsa pamsika: bowa womera pamulu wa oyilo si ndiwo. Akhale wonenepa, woyera, wonunkhira bwanji, asalowe mumphika, asapatsidwe nkhumba kapena nkhuku. Ameneyo ndi msilikali wobwera kunkhondo ndi poizoni m'thupi. Azulidwe, asungidwe pamodzi ndi zinyalala zoopsa.

Inu Wodana-ndi-Okutobala. Dzuwa la chilimwe likawomba mulu wosafundidwa mumauma, mumafa. Madzi akachuluka mumatsamwa. Oyilo akakhala wosambiramo simulowa. Mukathiridwa m'dothi wamba muli ochepa, eni dothi, mabakiteriya ndi chuku chobiriwira, amakulandani malo. Ndinso simuthamanga: amene akufuna kuti pulotiyo iyere Lachisanu kuti Lolemba athire konkire, apite kwina. Inu mumawerenga masabata ndi miyezi.

Wawa, Woyenda-pang'onopang'ono! Wawa, Wosalandira-malipiro-a-pamwezi! Mtengo wanu ndiwo ukutikoka ife osauka. Kufukula dothi n'kukaliwotcha m'ng'anjo za kutentha koopsa kumafuna ndalama zimene galaji ya pansi pa mtengo sidzazionapo. Kulinyamula pa lole kupita nalo kudzala la ku Chunga ndi kungosamutsa maliro kuchoka pakhomo lino kupita pa la mnzako. Koma chakudya chanu chili mbwee m'dziko lino: zitsononkho za chimanga zowunjikana pambuyo pokolola, mapesi amene timawotcha mu Ogasiti mpaka thambo kuda, makoko a mtedza wa ku Chipata, zotsalira za thonje, utuchi wa akalipentala a ku Kalingalinga ndi ku Buseko. Ndipo olima bowa wa oyisitara akakolola kachitatu amataya matumba aja kudzala, ali oyera mbee ndi ulusi wamoyo, mikondo ikadali m'manja. Asilikali athunthu kutayidwa ndi makoko a nthochi! Ku Mount Makulu, pafupi pomwepa ku Chilanga, kuli akatswiri a nthaka. Ku yunivesite pamsewu wa Great East kuli zipangizo zoyezera ndi achinyamata ofuna mutu wa kafukufuku. Mwini galaji, wolima bowa ndi woyeza dothi amakwera basi imodzi m'mawa uliwonse osadziwana.

Mbiti-mbiti! Ovina, tengani mafosholo, gule wasanduka ntchito!

Yalani pulasitiki yokhuthala pamthunzi, kutali ndi chitsime, m'mbali mwake mukweze kamzere kuti chodontha chisathawe. Valani magolovesi ndi majombo. Palani dothi lakudalo mpaka mufike pofiira, muliphwanye zibuma zake. Tapani pang'ono m'botolo loyera, mulembe tsiku, lipite kokayezedwa. Popanda nambala yoyamba simudzadziwa ngati Gogo anadya kapena anangonunkhiza. Yalani zitsononkho zonyowa zosakaniza ndi matumba a bowa aja, pamwamba pake dothi, pamwamba pake zitsononkho, mosanjikiza, ndipo musaumire: chakudya chichuluke, mulu ukhale wotakasuka, mpweya uziyenda. Fundani ndi masaka ndi udzu. Thirirani mwa apo ndi apo, kuti mukafinya m'dzanja muzimva chinyezi koma madzi asatuluke. Mvula ya Novembala isanagwe mangani kadenga, kuti isatsuke mulu n'kupereka kwa mwala chimene mukufuna kuumana.

Inu Myala-ulusi, lowani! Sabata yachiwiri, yachitatu, wovundukula saka adzaona zoyera zikukwawa kuchoka pachitsononkho kulowa m'chibuma chakuda, zikuchikulunga. Fungo la pa filing'i sitesheni lidzayamba kuzilala, m'malo mwake kudzabwera fungo la m'nkhalango mvula itagwa. Inu Msintha-fungo! Inu Mbweza-nyongolotsi! Inu Mkwatitsa-utuchi-ndi-dothi! Inu Mchapa-nsanza-za-mzinda, wosafunsa sopo!

Koma mphuno si woweruza, ndipo mphete zisanu zija zilibe fungo loti munthu n'kulidalira. Miyezi itatu ikakwana tapaninso m'botolo, pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, mupite nalo komwe munapita koyamba. Fesani nyemba zingapo m'chitini cha dothilo, zina m'chitini cha dothi labwino, muone ngati zimera mofanana. Nyembazo ndi zoyesera, si zodya. Nambala ikavomera, dothi likadzalidwe mitengo ya mthunzi ndi maluwa a m'mbali mwa msewu, osati repu kapena tomato. Nambala ikakana, bwezerani mulu pamthunzi, muutembenuze ndi fosholo, muonjezere zitsononkho ndi matumba atsopano, Gogo ayambirenso.